Chitsulo Chikathyoka Popanda Chenjezo: Tsoka, Chifuniro cha Mulungu ndi Mlandu wa Mmisiri

Pakati pa mafunso amene zipembedzo ndi anthu oganiza mozama akhala akulimbana nawo kuyambira kale pali funso lakuti munthu angakhale ndi mlandu wotani pa choipa chimene chachitika iye atachoka kale pamalopo, pamene chochititsa chake sichinaoneke ndi maso, ndiponso panadutsa masiku kapena miyezi pakati pa ntchito ya manja ake ndi ngoziyo. Funso limeneli limaonekera bwino pa nkhani ya zitsulo zimene zimathyoka mwadzidzidzi chonsecho zilibe dzimbiri, sizinapindike, ndiponso sizinasenzetsedwe katundu woposa muyezo. M'dera la Lulimile mu mzinda wa Lichinga, likulu la chigawo cha Niassa, monganso m'matauni ena a Mozambique ndi Malawi, moyo wa tsiku ndi tsiku watsamira pa zitsulo zolumikizidwa ndi amisiri owotcherera: mageti, ngolo, nsanja za matanki a madzi, ndi zokokera za magalimoto onyamula nyemba, mbatata za kachewere ndi matabwa. Chimodzi mwa izi chikathyoka n'kuvulaza munthu, mawu amene amamveka kuchipatala kapena pamaliro ndi akuti tsoka silinunkha, kapena kuti tsiku lake linakwana, kapena kuti pali wina amene waikapo dzanja. Sayansi ya zitsulo imabweretsa yankho lachinayi, lakuti nthawi zina chitsulocho chinafooketsedwa ndi hayidirojeni amene analowamo pa tsiku limene chinkawotchereredwa kapena kukutidwa, ndipo yankho limeneli likamveka bwino limasintha kagawidwe ka mlandu pakati pa Mulungu, tsoka ndi anthu.

Chitsulo chimene mafakitale amapanga masiku ano, chomwe amisiri amachitcha sitilo, ndi chitsulo chosakaniza ndi kaboni wochepa, ndipo kulimba kwake kumadalira kuchuluka kwa kaboniyo ndi momwe chinatenthedwera n'kuziziritsidwa. Ngakhale kuti m'maso chimaoneka chogwirana kotheratu, m'kati mwake muli timibulu tosawerengeka togundizana, ndipo kambulu kalikonse kamapangidwa ndi maatomu, ndiko kuti tizigawo tochepetsetsa ta chinthu, amene andandalikana m'mizere n'kusiya timipata pakati pawo. Hayidirojeni ndi mpweya wopepuka kuposa wina uliwonse, umene umapezeka m'madzi, m'mafuta ndi m'maasidi utagwirana ndi zinthu zina, ndipo atomu yake ndi yaing'ono kwambiri, kotero kuti ikamasuka pamwamba pa chitsulo imatha kulowa m'timipata tija n'kumayenda m'kati mwa chitsulo cholimba gwa, ngakhale pamene chitsulocho sichinatenthedwe. Kuchuluka kumene kumafunika kuti chitsulo chiwonongeke n'kochepa modabwitsa, pakuti gawo limodzi kapena awiri pa magawo 1,000,000 a kulemera kwake akhoza kukwanira kufooketsa sitilo ya mtundu wolimba kwambiri.

Vutoli linalembedwa momveka koyamba mu 1875, pamene William H. Johnson wa ku England anafalitsa kudzera ku bungwe la Royal Society la ku London zimene anaona pa waya woviikidwa mu asidi, monga amachitira m'mafakitale pofuna kuchotsa dzimbiri ndi makoko. Waya amene poyamba ankapirira kupindidwa kangapo ankathyoka atangopindidwa kamodzi, ndipo pothyokapo pakanyowetsedwa pankatuluka thovu, chizindikiro chakuti mpweya unali kutuluka m'chitsulomo. Johnson anaonanso chinthu china chimene chili chofunika pa nkhani ya mlandu, chakuti wayayo akasiyidwa kwa masiku kapena akatenthedwa pang'ono, mphamvu yake yambiri inkabwerera chifukwa hayidirojeni anali atatulukamo.

Akatswiri a m'mbuyo mwake anatsimikiza kuti vutoli limafuna zinthu zitatu pamodzi: chitsulo cha mtundu wosachedwa kugwidwa nalo, hayidirojeni m'kati mwake, ndi mphamvu yokoka imene ikuchikunga kosalekeza, monga zimakhalira ndi mabawuti omangidwa zolimba. Pamalo pamene chitsulo chakokeka kwambiri, monga m'timizere ta bawuti mmene mumayenda nati, pangodya yakuthwa kapena kumapeto kwa kamng'alu, timipata ta pakati pa maatomu timakulirapo pang'ono, ndipo hayidirojeni amene anamwazikana m'chitsulo chonse amayamba kusonkhana pamenepo. Alexander Troiano wa ku Cleveland ku America anafotokoza mu 1960 kuti hayidirojeni wosonkhanayo amachepetsa mphamvu imene maatomu a chitsulo amagwirana nayo, ndipo C. D. Beachem anapereka ganizo lina mu 1972, lakuti hayidirojeni amachititsa kuti mizere ya maatomu itererane mosavuta pa kamalo kakang'ono kwambiri mpaka kamaloko kang'ambike. Palinso njira yachitatu, imene maatomu a hayidirojeni amakumana m'kamphako ka m'kati mwa chitsulo n'kusanduka mpweya umene sungatulukenso ndipo umakankha makoma a kamphakoko. Akatswiri akukambiranabe kuti ndi njira iti imene imalamulira pa mtundu uti wa chitsulo, koma onse amavomereza za kachitidwe ka mng'aluwo, kuti umasuntha pang'ono n'kuima, kudikira kuti hayidirojeni asonkhanenso kutsogolo kwake, kenaka n'kusunthanso, mpaka chitsulo chotsala chitachepa moti sichingathenso kusenza katundu. Kuchedwa kumeneku ndiko kumasokoneza maganizo a anthu, chifukwa ntchito imaoneka yabwino pa tsiku lolipira, ndipo ngozi imadza pa tsiku limene palibe amene anakhudza chitsulocho.

Chodetsa nkhawa china n'chakuti chitsulo chikamalimba kwambiri ndi pamenenso chimagonja msanga kwa hayidirojeni. Chitsulo chofewa, chonga cha mageti ndi zotchingira mawindo, chimapindika n'kutamuka chisanathyoke, ndipo kupindikako kumachenjeza mwini wake. Mabawuti olembedwa 10.9 kapena 12.9 pamutu pake, amene amagwira mbali zofunika za magalimoto ndi makina, ndi olimba kuposa olembedwa 8.8, koma ndi amene amakhala pa chiopsezo akatsukidwa mu asidi kapena akakutidwa ndi zinki pogwiritsa ntchito magetsi. N'chifukwa chake malamulo a mafakitale amafuna kuti mabawuti otere aikidwe mu uvuni wotentha pafupifupi madigiri 200 kwa maola angapo, posakhalitsa atangokutidwa, kuti hayidirojeni atulukemo asanayambitse mng'alu. Wogula musitolo alibe njira yodziwira ndi maso ngati zimenezi zinachitika.

Kwa mmisiri wowotcherera wa ku Lichinga, hayidirojeni amachokera pafupi kwambiri. Moto wa magetsi umene umasungunula chitsulo umaphwanyanso madzi aliwonse amene ali pamalopo, ndipo hayidirojeni wa m'madzimo amasungunukira m'chitsulo chamadzicho. Madziwo akhoza kukhala chinyontho chimene chalowa m'chikuto cha ndodo zowotcherera zosungidwa poyera, kapena mame a pa chitsulo, ndipo girizi, penti ndi dzimbiri nazonso zimapereka hayidirojeni. Mzindawu uli pa mtunda wa mamita oposa 1,300 pamwamba pa nyanja yamchere, mvula imagwa yambiri kuyambira Disembala mpaka Malichi, ndipo m'mawa wa Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri. Chitsulo chozizira chimalanda kutentha kwa powotchererapo mofulumira, kuzizira msanga kumeneko kumaumitsa kamzere ka chitsulo ka m'mbali mwa cholumikiziracho, ndipo hayidirojeni amatsekeredwa asanapeze nthawi yotuluka. Pafunika kunena mwachilungamo kuti ntchito zambiri za amisiriwa zili pa chitsulo chofewa chopyapyala, chimene sichivutika kawirikawiri ndi zimenezi. Ngozi imakula pamene mmisiri, posowa zipangizo, alumikiza zidutswa za masipuling'i a galimoto, ekiselo kapena njanji yakale, zomwe zili ndi kaboni wambiri, n'kupanga chokokera ngolo kapena chogwirira katundu wolemera.

Njanji nayonso ili ndi mbiri yake pa nkhaniyi. Njanji yochokera ku doko la Nacala inafika ku Lichinga mu 1969, pamene mzindawu unkatchedwa Vila Cabral, ndipo chigawo chake cha makilomita 262 kuchokera ku Cuamba chinakonzedwanso n'kutsegulidwa mu 2016. Okwera sitima pa njirayi amatetezedwa ndi nzeru imene inagulidwa ndi miyoyo ya anthu kutali. Mu Ogasiti 1911 sitima inagwa pafupi ndi Manchester m'chigawo cha New York n'kupha anthu 29, ndipo ofufuza anapeza kuti njanji inathyoka chifukwa cha mng'alu umene unayambira m'kati mwa mutu wake, pamene kunja kunkaoneka bwinobwino. Panapita zaka zoposa 20 kuti zidziwike kuti timing'alu toyambirira totere timabadwa kufakitale, njanji yotentha ikazizira mofulumira ili ndi hayidirojeni m'kati, ndipo m'zaka za m'ma 1930 mafakitale atayamba kuziziritsa njanji pang'onopang'ono vutoli linachepa kwambiri. Ngakhale m'nthawi yathu ino zimachitikabe, pakuti mu Malichi 2013, pa mlatho watsopano wolumikiza San Francisco ndi Oakland, mabawuti akuluakulu 32 mwa 96 anathyoka patangopita masiku ochepa atamangidwa, mlathowo usanatsegulidwe, ndipo ofufuza anati chochititsa chinali hayidirojeni.

Kudziwa zonsezi sikuthetsa funso limene wofedwa amafunsa. E. E. Evans-Pritchard, amene anakhala pakati pa Aazande a kum'mwera kwa Sudan n'kufalitsa zimene anapeza mu 1937, anafotokoza za nkhokwe imene imagwera anthu okhala pamthunzi wake. Aazande ankadziwa bwino lomwe kuti chiswe chimadya mizati, koma ankafunsa chifukwa chimene nkhokweyo inagwera pa ola limenelo, pamene anthu amenewo ndiwo anali pansi pake, ndipo yankho lawo linali ufiti. Funso lawo ndi loona, ndipo sayansi ya zitsulo siliyankha: ikhoza kufotokoza momwe mng'alu unayendera m'chokokera ngolo, koma singanene chifukwa chimene mwana uyu, osati wina, anali m'mbali mwa msewu pa mphindi imeneyo. Vuto la yankho la ufiti lili pa zotsatira zake. Limasamutsa mlandu kuuchotsa pa ndodo zonyowa ndi chitsulo chosayenera n'kuuika pa munthu amene sanagwirepo chitsulocho, kawirikawiri nkhalamba yopanda woiteteza, ndipo pamene abale akufunafuna mfiti, ndodo zomwe zija zikuwotchererabe ngolo ina. N'zomvetsa chisoni kuti ngozi imodzi imabala motero anthu ovutika awiri, wovulala ndi wonamiziridwa, n'kusiya wachitatu akudikira.

Yankho lakuti chinali chifuniro cha Mulungu n'lolemera kuposa pamenepo, ndipo m'chigawo chimene Asilamu ndi Akhristu amakhala moyandikana ndi kuikana maliro limayenera kulingaliridwa mwaulemu. Al-Ghazali, mphunzitsi wamkulu wa Chisilamu amene anamwalira mu 1111, yemwe anali wa sukulu ya malamulo ya Shafi'i imenenso Asilamu ambiri a Chiyao amatsata, anaphunzitsa kuti moto ukakhudza thonje, amene amalenga kupsako ndi Mulungu, ndipo moto pawokha ulibe mphamvu yokakamiza kuti thonje lipse. Ibn Rushd wa ku Cordoba, amene anamwalira mu 1198, anamutsutsa kuti kukana zochititsa n'kukana nzeru yonse, popeza kudziwa chinthu ndiko kudziwa chimene chimachichititsa. Mkangano wawo ndi wozama, koma pa nkhani ya mmisiri awiriwa sasiyana kwenikweni, chifukwa al-Ghazali yemweyo anavomereza kuti Mulungu amachita zinthu mwa chizolowezi chokhazikika chimene anthu angathe kuchidalira. Ngati chizolowezi cha Mlengi n'chakuti ndodo yonyowa pa chitsulo cha kaboni wambiri imatsatiridwa ndi mng'alu, munthu amene akudziwa zimenezi n'kuwotcherabe waputa dala zotsatira zake, kaya mphamvu yong'amba ili mwa hayidirojeni kapena ili m'dzanja la Mulungu. Kumbali ya Chikhristu, Thomas Aquinas, amene anamwalira mu 1274, anasiyanitsa Mulungu monga chochititsa choyamba, amene amasunga zonse kuti zikhalepo, ndi zolengedwa monga zochititsa zachiwiri, zimene zimagwiradi ntchito molingana ndi chilengedwe chake. Pa kaganizidwe kameneka mawu akuti Mulungu analola ndi mawu akuti mmisiri analakwitsa akhoza kukhala oona onse awiri pa ngozi imodzi, ndipo oyambawo safafaniza achiwiriwo.

Alaliki amakopeka ndi nkhani ya chitsulo chowola m'kati, ndipo n'zosavuta kuigwirizanitsa ndi mwambi wa chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, n'kuphunzitsa kuti tchimo laling'ono lobisika limagwetsa munthu wamphamvu. Phunzirolo lili ndi malo ake, koma likaperekedwa pa maliro a munthu wophedwa ndi chitsulo limapotoza chilungamo, chifukwa limachititsa omvera kuyamba kufufuza moyo wa womwalirayo. Chitsulo chilibe chifuniro, sichinasankhe kulandira hayidirojeni, ndipo amene chamugwera sanachite kanthu kuti chithyoke. Uthenga Wabwino wa Luka, mutu 13, umasimba za anthu 18 amene anafa nsanja ya ku Siloamu itawagwera, ndipo Yesu anakana poyera kuti anthuwo anali ochimwa kuposa ena onse okhala mu Yerusalemu. Kukana kumeneku kumatseka njira yoweruzira wakufa, koma sikuletsa kufunsa za amene anamanga nsanjayo.

Malamulo akale a m'Malemba anafunsadi funso limenelo, ndipo anachita mosamala kuposa momwe ambiri amaganizira. Buku la Deuteronomo, mutu 19, limakamba za anthu awiri opita kunkhalango kukadula mitengo, pamene nkhwangwa ya mmodzi iguluka mumpini n'kupha mnzake, ndipo limalamula kuti wakupha mosafunayo athawire ku mzinda wopulumukirako kuti asaphedwe ndi wolipsira. Munthuyo sakuyesedwa wambanda, komabe moyo wake supitirira ngati kuti palibe chachitika, pakuti amasiya mudzi wake. Mutu 22 wa buku lomwelo umalamula womanga nyumba yatsopano kuti atchinge m'mbali mwa denga, kuti wina akagwa magazi ake asakhale pa nyumbayo, ndipo pamenepa mlandu ukuwerengedwa kuyambira pa tsiku lomanga, wogwayo asanabadwe n'komwe mwina. Buku la Eksodo, mutu 21, limasiyanitsa ng'ombe imene yagunda munthu koyamba, pamene mwini wake amamasulidwa, ndi ng'ombe yodziwika kale kuti imagunda, pamene mwini wochenjezedwa amene sanaitsekere amasenza mlandu wa imfa. Qur'an nayonso, mu sura yachinayi, imalamula kuti wopha mnzake molakwitsa apereke dipo kwa abale a womwalirayo pokhapokha iwo atakhululuka. M'malamulo onsewa chikhulupiriro chakuti Mulungu ndiye mwini moyo chinayendera pamodzi ndi kuwerengera mosamala zimene munthu ankadziwa ndi zimene akanatha kuchita.

Makolo a m'dera lino sanali alendo pa chitsulo kapena pa ganizo la choipa chobisika chimene chimachedwa kuonekera. Yohanna Abdallah, wansembe wa Anglican amene anatumikira ku Unango, kumpoto kwa Lichinga, analemba m'buku lake la mbiri ya Ayao la mu 1919 za Achisi, fuko la osula amene ankayenga chitsulo, kupanga makasu n'kuyenda nawo malonda kutali. Pakati pa Amaravi, ng'anjo ndi mvukuto zinkazunguliridwa ndi miyambo yoletsa, ndipo oyenga ankayenera kudzisunga pa nkhani za m'banja pa nthawi ya ntchitoyo, poopa kuti chitsulo chingakanike. Miyambo imeneyi ndi ya mtundu umodzi ndi chikhulupiriro cha mdulo kapena tsempho, chimene Ayao amachitcha ndaka, chakuti munthu amene waswa mwambo mobisa akhoza kudwalitsa mwana kapena mnzake wa m'nyumba, matendawo n'kuonekera patapita nthawi. Achipatala amafotokoza kutupa ndi chifuwa zotere mwa njira zina, monga kuperewera kwa zakudya ndi chifuwa chachikulu, ndipo n'koyenera kuti wodwala apite kuchipatala. Koma m'kati mwa chikhulupirirocho muli mfundo ya makhalidwe imene siyenera kutayidwa, yakuti zimene munthu amachita popanda womuona zimafika pa thupi la wina wosalakwa, ndipo kutalika kwa nthawi sikumasula wochitayo. Wosula wakale ankadziwa kuti kukonzekera kwake, kumene wogula khasu sakanakuona, kunali mbali ya khasulo. Mmisiri wa lero amene amaumitsa ndodo zake usiku ali pa mzere womwewo, kusiyana kwake n'kwakuti tsopano kugwirizana kwa chinyontho ndi mng'alu kukhoza kuyezedwa ndi kutsimikiziridwa.

Pali vuto lina limene Bernard Williams ndi Thomas Nagel anakambirana mu 1976, lokhudza mbali imene mwayi umatenga pa kuweruza makhalidwe a munthu. Amisiri awiri akhoza kugwiritsa ntchito ndodo zonyowa mofanana pa zitsulo zofanana, chokokera cha woyamba n'kuthyokera pabwalo ngolo ili chiimire, cha wachiwiri n'kuthyokera pa chitsetso cha msewu wopita ku Metangula ngolo itadzaza anthu. Mudzi udzaiwala woyambayo n'kutemberera wachiwiri, chonsecho chimene manja awo anachita n'chimodzi. Makhoti sangachitire mwina koma kuyang'ana zotsatira, popeza chipukuta misozi chimayezedwa ndi kukula kwa chovulala. Chikumbumtima ndi chipembedzo zili ndi muyezo wina, umene umayang'ana tsiku la ntchito, ndipo pa muyezo umenewo amisiri awiriwa ali ndi mlandu wofanana. Mfundoyi ndi yowawa kwa woyamba, amene ankadziona wosalakwa, koma imachepetsako katundu wa wachiwiri, amene sayenera kuonedwa ngati chilombo chifukwa cha malo amene chitsulo chinathyokera, omwe iye sanasankhe.

Funso lovuta kwambiri ndi la kusadziwa. Dziko lakhala likudziwa za hayidirojeni m'chitsulo kuyambira 1875, koma mnyamata amene anaphunzira kuwotcherera poyang'ana manja a amalume ake m'mbali mwa msewu mwina sanamvepo kuti ndodo yonyowa ili ndi vuto lina kupatula kuthetheka ndi kuvuta kuyaka. Pa muyezo wa ng'ombe yogunda, iye ali ngati mwini amene sanachenjezedwe, ndipo kumuweruza monga injiniya wophunzira kungakhale kupanda chilungamo. Mlanduwo sikuti wasungunuka, wangosamukira kwa amene ankadziwa n'kusanena: ophunzitsa ntchito zamanja amene amaphunzitsa kagwiridwe ka ndodo osafotokoza kasungidwe kake, amalonda amene amaitanitsa mabawuti opanda umboni wa kapangidwe kake n'kuwagulitsa monga olimba, ndi ophunzira onse amene asiya nzeruyi m'mabuku a Chipwitikizi ndi Chingerezi. Wogula nayenso ali ndi gawo lake, pakuti amene amanenerera mtengo mpaka mmisiri asakhale ndi ndalama yogulira ndodo zoyenera, n'kuumiriranso kuti ngolo ituluke tsiku lomwelo, wathandiza kupanga chinthu chimene chidzathyoke. Umphawi ndi weniweni ndipo suyenera kupeputsidwa, popeza ndodo za hayidirojeni wochepa, zolembedwa E7018, n'zokwera mtengo kuposa za E6013 zimene zimapezeka paliponse, zimafuna kusungidwa motentha, ndipo makina ena ang'onoang'ono amavutika kuziyatsa. Komabe kugawana mlandu pakati pa anthu ambiri kuli ndi ngozi yake, yakuti aliyense amaona gawo lake kukhala laling'ono moti silingawerengedwe, ndipo pamapeto onse amagwirizana kunena kuti linali tsoka.

Zimene Johnson anaona pa waya wake zikusonyeza kuti pakati pa kulowa kwa hayidirojeni ndi kubadwa kwa mng'alu pali nthawi imene choipacho chikhoza kubwezedwa, ndipo mng'alu ukangoyamba palibe kutentha kumene kungautseke. Njira zambiri zotetezera sizifuna chuma chochuluka. Ndodo zisungidwe m'chotengera chotseka bwino pamalo ouma, chitsulo chipalidwe kuchotsa penti, girizi ndi dzimbiri, chitsulo chochindikala kapena cha kaboni wambiri chitenthedwe kaye kufika madigiri 100 mpaka 200 chisanawotchereredwe, ndipo ntchito ikatha ifunditsidwe ndi mchenga wouma kuti izizire pang'onopang'ono. Zidutswa za masipuling'i ndi njanji zisaikidwe pamalo pamene moyo wa munthu udzadalirapo. Pa ntchito zazikulu za milatho ndi nyumba, oyendera amadikira maola 48 asanapime zolumikizira za chitsulo cholimba, podziwa kuti mng'alu wa hayidirojeni sufulumira kuoneka. Pamenepa chiphunzitso cha kulapa, chimene Asilamu ndi Akhristu onse amachilemekeza, chimakhala ndi ntchito yogwirika, chifukwa mmisiri amene wazindikira kuti dzulo anawotcherera chokokera ndi ndodo zonyowa ali ndi mpata woitanitsa ngoloyo, kudula cholumikiziracho n'kuyambiranso. Kutero kumamudyera ndalama ndi ulemu pamaso pa wogula, ndipo palibe amene akanamugwira akanakhala chete, n'chifukwa chake pamenepa ndi pamene chikhulupiriro cha munthu chimayesedwa koposa pa mawu a pamaliro.

Mawu akuti chinali chifuniro cha Mulungu ali ndi nthawi yake, ndipo palibe munthu wachifundo amene angawalande mayi amene waika mwana wake m'manda. Cholakwika chimayamba pamene mawu omwewo atengedwa kuchoka pa siwa n'kukagwiritsidwa ntchito pa bwalo la milandu, m'sitolo ya zitsulo kapena pamalo owotcherera, kuti funso la chimene chinachitika lisafunsidwe. Mashehe, ansembe ndi abusa a ku Lichinga, amene mawu awo amamveka kuposa a injiniya aliyense, angathandize kwambiri atamalimbikitsa abale kuti chidutswa chothyokacho chisatayidwe koma chisungidwe chouma n'kuonetsedwa kwa wodziwa, popeza nkhope ya pothyokapo imasonyeza pamene mng'alu unayambira. Sukulu zophunzitsa ntchito zamanja, pamodzi ndi wayilesi ya Rádio Moçambique ya m'chigawo cha Niassa imene imaulutsa m'Chinyanja, Chiyao ndi Chimakua, zifotokozere amisiri m'zinenero zawo za kasungidwe ka ndodo ndi katenthedwe ka chitsulo mvula isanayambe, ndipo eni ngolo ndi magalimoto alole kuti ntchito yowotcherera pa chokokera igone masiku awiri n'kuyang'anidwanso isanasenze katundu kapena anthu.